Anthu amene ankathamangira moto ku Chikangawa

Utsi tinauona dzuwa litangopendeka, ukufuka kuseri kwa chitunda chimene chili kum'mawa kwa nyumba ya makolo anga. Bambo, amene pa nthawiyo anali atapuma kale pa ntchito ndipo mawondo anali atayamba kuwavuta, anadzuka pampando osanena kanthu, nalowa m'nyumba kukavala jombo zawo zakale. Unali mwezi wa Okutobala, pamene udzu wa pa Viphya umakhala utaumiratu ndipo mphepo imawomba tsiku lonse, ndipo ine ndinali nditabwera kuchokera ku Lilongwe kudzawaona.

"Inu abambo, mukupita kuti ndi miyendo imeneyo?" anafunsa mayi ali pakhomo la khitchini.

Bambo analoza utsiwo ndi chikwanje nati, "Uli m'mitengo yaing'ono ya kudambo kuja. Tikachedwa udumpha msewu."

Ndinawatsatira chifukwa sindikanalola kuti munthu wa msinkhu wawo apite yekha kumoto. Zimene tinakapeza kumsewu sizinandichokebe m'maganizo, ndipo anthu akamakamba za Chikangawa ngati nkhani ya mahekitala amene anatha ndi ndalama zimene dziko linataya, ine ndimakumbukira anyamata amene tinawapeza atakhala pamulu wa matabwa, akuonerera moto ukudya mitengo.

## Nkhalango ya mapepala amene sanapangidwe

Tonse timadziwa kuti paini wa ku Chikangawa ndi wodzala, koma ndi ochepa amene amakumbukira chimene anadzalidwira. Mitengo yoyamba inadzalidwa mongoyesa m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya atsamunda, koma ntchito yaikulu inayamba mu 1964, chaka chimene dziko lathu linalandira ufulu, ndipo inapitirira mpaka nkhalango inakwana mahekitala 53,000 m'maboma a Mzimba ndi Nkhata Bay. Mtengo wochuluka unali Pinus patula, paini wa masamba olendewera uja, amene kwawo kwenikweni ndi kumapiri a ku Mexico, ndipo kuzizira ndi nkhungu ya pa Viphya zinamuyanja kwambiri.

Boma silinkafuna matabwa. Linkafuna fakitale yaikulu yogaya mitengo kuti ikhale phala lopangira mapepala, imene inayenera kumangidwa ku Chintheche m'mbali mwa nyanja, ndipo linakhazikitsa bungwe la VIPCOR kuti liyendetse ntchitoyo. Fakitaleyo sinamangidwe. Ndalama zimene zinkafunika zinali zochuluka kwambiri, misika ya kunja inali kutali ndi dziko lopanda doko ngati lathu, komanso panali mantha akuti madzi oipa ochokera m'fakitale adzawononga nyanja ndi nsomba zake. Koma pamene akuluakulu ankakambirana zimenezi m'maofesi, anthu ankadzalabe, chaka ndi chaka, mvula ikangogwa.

Bambo anga anali mmodzi wa anthu amenewo. Anachokera ku Dedza ali mnyamata wosakwatira, atazolowera ntchito ya kunazale m'nkhalango ya Chongoni, ndipo mpaka lero amanena kuti ankauzidwa kuti akudzalira makope amene ana awo adzalembamo kusukulu. Ntchito yawo ndinaiona ndi maso anga ndili mwana. Ankayanika zipatso za paini padzuwa mpaka zitasamula ndi kutaya njere, ankafesa njerezo pabedi, ndipo timbande tikatuluka ankatizula kamodzikamodzi ndi kamtengo kosongola n'kutiwokera m'machubu. Dothi la m'machubumo ankalisakaniza ndi lina lotapa pansi pa paini wamkulu, chifukwa m'dothi limenelo muli bowa amene mizu ya paini imadalira, ndipo popanda iye mbande zimangochita chikasu osakula. Mvula ikakhazikika, amuna ndi akazi ankasenza mabokosi a mbande kukwera zitunda, kapitawo atakoka chingwe kuti mizere iwongoke, n'kumadzala motalikirana pafupifupi mamita atatu, mvula ikuwakhuthukira pamsana.

Kudzala kunali koyamba chabe. Mbande inkafuna kupaliridwa kwa zaka zingapo kuti udzu usaitsamwitse, kenaka kusadzidwa nthambi za m'munsi kuti thabwa lidzatuluke lopanda mfundo zambiri, kenaka kupatuliridwa kuti yotsalayo inenepe. Paini wa matabwa amafuna zaka 25 kapena kuposerapo, ndipo chaka chilichonse mwa zaka zimenezo chili ndi chilimwe chake.

Mapepala atalephereka, boma linafunafuna pogwiritsa ntchito mitengo imene inali itakula kale. Ku Mazamba kunali makina ochekera matabwa, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunamangidwa fakitale ya VIPLY pa Chikangawa penipeni, yopanga plywood. Mu 1999 fakitaleyi inagulitsidwa kwa a Raiply, amene anapatsidwanso mahekitala 20,000 kuti aziwasamalira ndi kukololamo.

## Moyo wa m'malaini

Chikangawa sunali mudzi wa munthu aliyense. M'malaini a antchito munalibe mfumu yobadwira, ndipo palibe amene akanaloza manda a agogo ake. Nkhalango inagawidwa m'masiteshoni monga Luwawa, Chikangawa, Nthungwa, Mazamba ndi Lusangazi, ndipo pa siteshoni iliyonse panali ofesi, nazale, sitolo yosungiramo zipangizo ndi mizere ya nyumba, zambiri za matabwa zofolera malata. M'nyumbazo munkakhala Atumbuka ndi Angoni a ku Mzimba, Atonga okwera kuchokera kunyanja, anthu a ku Karonga ndi ku Chitipa, ndiponso ife a kumwera kwa Jenda, amene tinatsatira ntchito ya paini kuchokera ku Dedza, ku Zomba ndi ku Mulanje. Ana tonse tinkasewera m'Chitumbuka, m'kalasi tinkaphunzira m'Chichewa, ndipo madzulo aliyense ankakalipiridwa m'chilankhulo cha mayi ake.

Chimene chinkatigwirizanitsa poyamba chinali chisanu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi nkhungu inkatseka msewu mpaka malole kuyenda atayatsa nyali masana, udzu wa kudambo unkayera m'mamawa, ndipo tinkapita kusukulu titanyamula zitini zoboola zokhala ndi makala amoto, tikuzizunguza pa waya kuti asazime. Nkhuni zokha sizinkasowa. Mayi ankakolezera moto ndi tizidutswa ta paini wa utomoni wambiri, timene timayaka ngakhale titanyowa, ndipo zovala zathu zonse zinkanunkha utsi umenewo moti tikapita ku Dedza patchuthi azakhali ankatidziwa ndi fungo tisanalowe m'nyumba.

Chimanga chinkachedwa kucha chifukwa cha kuzizira, choncho ufa wambiri unkachokera kuzigwa za ku Mzimba, koma mbatatesi, kabichi ndi nyemba zinkachita bwino kuseri kwa nyumba iliyonse. Usipa unkabwera ndi amalonda a ku Nkhata Bay, amene ankakwera phiri lonselo ndi madengu, nabwerera ndi mbatatesi. Pakutha pa mwezi lole ya kuntchito inkatenga amayi kupita nawo ku Mzuzu kukagula sopo, mchere, palafini ndi nsalu, ndipo tsiku limenelo malaini ankatsala m'manja mwa ana ndi agalu. Loweruka kunkakhala mpira wa siteshoni ina ndi inzake, pabwalo lotsetsereka limene aliyense ankafuna kuyamba akugoletsera kumtunda kuti chigawo chachiwiri adzatsike nalo. Pa Khirisimasi Atonga ankatulutsa malipenga, atavala zoyera ndi masokosi ofika m'mawondo, ndipo Angoni akayankha ndi ingoma nthaka inkanjenjemera.

Mayi anga, amene kwawo anali a Chigwirizano mu sinodi ya Nkhoma, analowa Umanyano wa sinodi ya Livingstonia, naphunzira nyimbo zonse m'Chitumbuka, ngakhale kuti mpaka lero akamapemphera okha amapemphera m'Chichewa. Pamene ubale wa m'malaini unkaonekera kwambiri panali pamaliro. Popeza aliyense kwawo kunali kutali, munthu akamwalira panalibe mwinimbumba woti ayendetse zinthu, ndiye udindowo unkagwera oyandikana nawo nyumba. Akalipentala ankachezera kukhoma bokosi la paini usiku womwewo, nyumba iliyonse inkapereka mbale ya ufa, ndipo m'mawa lole inkanyamuka kupita ku Chitipa kapena ku Mulanje, kumbuyo kutadzaza anthu amene sanali a mtundu wa malemuyo, akuimba njira yonse m'chisanu. Mlongo wanga wamng'ono atamwalira ali wakhanda, amene anasambitsa mayi ndi kugona nawo pamphasa anali mayi wina wa ku Karonga, amene tinkamutchula kuti agogo ngakhale panalibe magazi otilumikiza.

## Chitsulo chikalira

Pa ntchito zonse za m'nkhalango, imene inkalamulira moyo wa malaini inali ya moto. Mvula ikangosiya, magulu a antchito ankayamba kulambula njira zotchinga moto kuzungulira chigawo chilichonse cha mitengo, akupala mpaka dothi lofiira kuonekera. Udzu wa m'madambo ndi m'mphepete mwa misewu ankautentha msanga, usanaumitsitse, m'mamawa kapena madzulo mphepo itagona, kuti moto wa mu Okutobala udzasowe chakudya. Pa zitunda zazitali panali nsanja, ndipo nyengo yonse ya chilimwe alonda ankasinthana pamwamba pake usana ndi usiku, maso ali pa utsi.

Pafupi ndi ofesi panapachikidwa chitsulo cha gudumu la lole. Chikalira mofulumira, mwamuna aliyense ankasiya chimene wagwira, kaya ndi nsima, kaya ndi bawo, kaya ali m'tchalitchi, nathamangira kumene thalakitala inkadikira ndi ngolo yake. Panalibe wofunsa ngati ili nthawi ya ntchito. Ankanyamula zikwanje, makasu ndi zophulira moto za lamba wokhomera kumtengo, ndipo zikachepa ankathyola nthambi zaziwisi m'njira. Amayi ankatsatira ndi ndowa za madzi akumwa, ena n'kutsala akuphika, chifukwa moto waukulu unkatha kugoneka anthu kutchire.

Moto wa m'paini si wofanana ndi wa m'tchire wamba. Pansi pamakhala masamba ouma ounjikana zaka zambiri, makungwa a mitengo yaing'ono ndi opyapyala, ndipo utomoni umayaka ngati palafini. Ukadali pansi umazimitsika, koma ukakwera m'nthambi n'kufika kunsonga umayenda ndi mphepo, ukuponya zipatso zoyaka patsogolo pake, ndipo pamenepo munthu sangauyandikire. Nzeru ya akapitawo inali kudziwa pamene angausiye ndi pamene angakaudikire. Ankabweza anthu kufika panjira yolambula kapena pamsewu, nayatsa moto wina m'mphepete mwake kuti upite kukakumana ndi waukuluwo, ndipo iwiriyo ikakumana inkazima chifukwa pakati panalibenso choyaka. Akalakwitsa mphepo, moto wawo womwe unkawatembenukira. Bambo ali ndi chipsera pamkono wamanja cha usiku wotero, ndipo amatha kutchula munthu aliyense amene anali nawo pamzerewo, ndi kwawo komwe.

## Nyengo ya macheka

M'zaka za m'ma 1990 antchito a m'nkhalango anachepetsedwa kwambiri, monga zinachitikira m'nthambi zambiri za boma pa nthawiyo. Mabanja amene tinakula nawo anapakira katundu pamalole kubwerera kwawo, ena kumidzi imene ana awo anali asanakhaleko ndi mwezi umodzi womwe. Bambo anatsala mpaka anapuma pa ukalamba, koma gulu lawo la kunazale linatsala la anthu owerengeka, ndipo njira za moto zimene kale zinkalambulidwa zonse zinayamba kulambulidwa zina, zina n'kumera tchire.

Nthawi yomweyo mitengo inali itakhwima, ndipo m'zaka za m'ma 2000 ocheka matabwa anapatsidwa zilolezo zolowa m'nkhalango. Poyamba anali a sowo ya padzenje, wina pamwamba wina pansi, koma posakhalitsa kunafika makina oyenda nawo, amene ankaikidwa pakati pa mitengo n'kumalira kuyambira m'bandakucha. Ogula anachokera m'mizinda yathu komanso ku Tanzania, ku Kenya ndi ku Somalia, ndipo mathiraki ankandanda m'mbali mwa msewu kudikira katundu. M'mphepete mwa M1 munaunjikidwa matabwa oimika mopingasa kuti aume, ndipo m'kati mwa nkhalango munamera misasa ya zisakasa za zigwagwa ndi mapepala apulasitiki, mmene munkagona anyamata ochokera m'maboma onse a dziko lino.

Nyengo imeneyo sindiitukwana yonse. Ndikudziwa amayi amene anaphunzitsa ana mpaka kukoleji ndi ndalama zosenza matabwa kuchokera kuchigwa kufika pamsewu, thabwa lililonse mtengo wake, khosi likuwawa. Ndikudziwa anyamata amene anafolera nyumba za makolo awo ndi malata chifukwa chogubuduza zipika. Ogulitsa mandasi, osoka zovala, a matola ndi a magolosale onse anaona ndalama imene Chikangawa sichinaionepo. Zigwagwa za kwathu zinamanga mipanda ndi timashopu tambiri ku Mzuzu.

Koma kadulidwe kake kanali ka munthu amene sadzabweranso. Mitengo inkadulidwa m'mwamba kusiya zitsa zofika m'chiuno, nsonga ndi nthambi zinkasiyidwa pomwepo, macheka ambiri ankasandutsa gawo lalikulu la chipika kukhala utuchi ndi zigwagwa, ndipo kudzala kunkatsalira kutali m'mbuyo mwa kudula. Zinyalala zonsezo zikauma zinkangodikira machesi. Moto unachuluka, ndipo aliyense anali ndi womuloza chala: osaka mbewa, ofula njuchi, antchito okwiya chifukwa cha malipiro, ocheka olimbirana malo.

## Pamulu wa matabwa

Tsiku limene ndikunenali tinatsika ndi kanjira ka kuseri kwa tchalitchi, bambo ali patsogolo, akuyenda mofulumira kuposa mmene ndinawaonera chifikireni. Titatulukira pamsewu wa fumbi umene umalekanitsa dambo ndi chitunda, tinaona kuti moto unali udakali pansi, ukuyenda m'udzu pakati pa mitengo yosapitirira msinkhu wa munthu kawiri. Bambo anayang'ana kumene utsi unkapendekera, nanena kuti anthu khumi okha atayima pamsewupo akhoza kuutchinga.

Anthuwo analipo. Pamphambano panali mulu wa matabwa odikira thiraki, ndipo pamwamba pake panakhala anyamata oposa khumi, matupi atayera ndi utuchi, ena akudya chinangwa, wina akumvera wailesi ya pafoni. Bambo anawayandikira, navula chipewa monga amachitira ndi munthu aliyense, nawapatsa moni m'Chitumbuka ndi m'Chichewa.

"Ana anga, tiyeni tithandizane. Tikayatsa kuchokera apa mpaka pa kamlatho apo, ukafika uzima wokha. Si ntchito ya nthawi yaitali."

Anyamatawo anayang'anana. Mmodzi, amene ankaoneka wamkulu pa onse, anatsika pamulupo, nagwira dzanja la bambo ndi manja awiri. Sanali wamwano ngakhale pang'ono, ndipo ichi ndicho chimandivuta kwambiri ndikamakumbukira.

"Adada, pepani. Ife tauzidwa kuti tisachoke pa matabwa pano mpaka thiraki ifike. Likasowa limodzi atidula malipiro tonse. Komanso mitengo imeneyo si ya abwana athu. Tikapsa kumeneko atilipirira ndani kuchipatala?"

Wina ali pamwamba pomwepo anawonjezera kuti iye mwezi wa mawa akubwerera kwawo kukalima, ndipo mitengoyo ikadzakula iye sadzakhalako.

Bambo sanakangane nawo. Anavala chipewa, nathyola nthambi ya bulugamu, nandipatsa ina. Tinayamba kuphula m'mphepete, iwo uku ine uku, koma anthu awiri sangatchinge mzere wautali chotero, ndipo pamene tinkazimitsa apa, kumbuyo kwathu kunkayakanso. Anyamata awiri anatsika kudzatithandiza, mwina chifukwa cha manyazi poona imvi zili mu utsi. Mphepo itatembenuka, moto unagwira nthambi za m'munsi, zimene sizinasadzidwe chidzalireni, ndipo unakwera mitengo yonse nthawi imodzi ndi mkokomo umene unatigonthetsa m'makutu. Mmodzi wa anyamatawo anagwira bambo pamkono n'kuwakokera kumsewu. Galimoto ya ozimitsa inafika dzuwa litalowa, ili ndi anthu ochepa amene anali atachoka kumoto wina, ndipo pa nthawiyo moto unali utadumpha kale.

Pobwerera bambo anakhala pachitsa kuti apume. Ndinkayembekeza kuti adzudzula anyamata aja, koma anangonena kuti, "Mwana uja sananame. Ife tinkathamanga chifukwa tinkadziwa kuti chaka cha mawa tidzakhala pompano, ndiponso ukapsa mnzako akunyamula. Iwowa awanyamula ndani?"

## Zimene ndinamva m'mawu amenewo

Kufikira tsikulo ndinkamva nkhani ya Chikangawa monga imakambidwira pawailesi, kuti anthu ndi osakonda dziko lawo, adyera, osaganizira za mawa. Dyera linalipo ndithu, makamaka kwa amene analemera ndi mitengo imene sanadzale ndipo sanabwezeretse. Koma mnyamata wa pamulu uja sanali wosiyana mtima ndi bambo anga. Bambo ankathamangira moto ali ndi nyumba ya kuntchito, malipiro a mwezi ndi mwezi, kapitawo wodziwa mphepo, thalakitala yowatenga, ndi anansi amene akanasamala ana awo zinthu zikanavuta. Mnyamatayo anali ndi chisakasa, malipiro owerengera matabwa, ndi bwana amene ankamudziwa ndi nambala ya foni yokha.

Chimene chinasunga mahekitala 53,000 kwa zaka zonse zija chinali tauni ya anthu okhazikika, amene moyo wawo wonse, kuyambira sukulu ya ana mpaka maliro, unamangidwa pa mitengo imene inali isanakhwime. Anthu amenewo atachepa, nkhalango inatsala ndi odula ambiri ndi osamala owerengeka. N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikaona mwambo wodzala mitengo mu Januwale, alendo atavala malaya ofanana, aliyense akujambulitsa ndi mbande yake. Kudzala n'kofunika, ndipo amene amabwera amabwera ndi mtima wabwino. Koma mbande imeneyo ikufuna munthu woipalira mu Malichi, woilambulira njira mu Juni, woigonera pansanja mu Okutobala, ndipo munthu ameneyo ayenera kulipidwa ndi kukhala ndi pogona kwa zaka 25. Mbali za nkhalango zimene zili ndi mwini wodziwika, wokhala ndi nazale, antchito okhazikika ndi gulu la moto, zimaoneka ngakhale uli m'basi: mizere ya misinkhu yosiyanasiyana, ina yongodzala, ina yofika podula. Moto umalowanso kumeneko, koma umapeza anthu. Kumene kulibe woyang'anira wokhazikika kwatsala zitsa zakuda, udzu ndi paini womera yekha mothithikana, amene amapsa asanafike pokhala mtengo.

Ndimakhulupirira kuti aliyense wopatsidwa malo odula, kaya ndi kampani kaya ndi bungwe la ocheka ang'onoang'ono, ayenera kupatsidwa kwa nthawi yaitali yokwanira kuti akolole zimene wadzala yekha, ndipo aziwerengedwa ndi mitengo imene yafika zaka zisanu ili moyo. Chiwerengero cha mbande zotuluka kunazale sichitiuza kanthu. Ndimakhulupiriranso kuti midzi yozungulira, imene makolo ake anasiya malo odyetserako ziweto ndi osakako nyama kuti paini adzalidwe, iyenera kuona phindu looneka, chifukwa utsi ukayamba iwo ndiwo amakhala pafupi.

## Otsala

Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali imene inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr. Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu inagwa m'dera la Nthungwa nyengo itaipa, ndipo inapezeka tsiku lotsatira onse atamwalira. Kuyambira pamenepo dzina la Chikangawa limatchulidwa ndi chisoni m'dziko lonse, ndipo ambiri anaona koyamba pa zithunzi nkhungu imene ife tinakuliramo ndi zitunda zimene kale zinali zobiriwira. Mayi anandiuza pafoni kuti usiku umene ndege inkafunidwa, m'nyumba zambiri anthu sanagone.

Tauniyo ikadalipo. Fakitale ikugwira ntchito, sukulu zadzaza, matchalitchi achuluka kuposa kale, ndipo pamsewu amayi amagulitsa mbatatesi, bowa ndi uchi kwa apaulendo. Misasa yambiri ya ocheka inasamuka mitengo yaikulu itachepa, ndipo nyumba zina za m'malaini zinagwa madenga. Mwa anzanga amene tinkanyamula nawo zitini za makala, ena ali ku Mzuzu, ena ku Lilongwe, ambiri ku Johannesburg, monga achitira anyamata ochuluka a ku Mzimba. Tikakumana n'kufunsidwa kwathu timatchula maboma a makolo athu, kenaka timayamba kulankhulana m'Chitumbuka cha m'malaini.

Makolo anga anakana kubwerera ku Dedza. Anapempha malo kwa mfumu ya mudzi woyandikana ndi nkhalango, namanga nyumba ya njerwa, ndipo mayi amati anthu amene adzawaimbire ali kuno. Bambo ali ndi kanazale kuseri kwa nyumba, ndipo amatumabe adzukulu kukatapa dothi pansi pa paini wamkulu. Mvula yapitayi aphunzitsi aakulu a sukulu ina ya pulayimale anabwera kudzagula mbande zoti ana adzale kuseri kwa makalasi. Bambo asanalandire ndalama anafunsa kuti adzalambula ndani njira ya moto mvula ikatha, ndipo atamva kuti nkhaniyo inali isanakambidwe, anapempha kuti awapatse ana a Sitandade 7 Loweruka lina mu Juni, abwere ndi makasu, kuti akawaonetse poyambira ndi mulifupi mwake.